Chimbale cha Mwala cha bai Gancho

Ine ntchito yanga ndi yosindikiza akufa. Ndi mmene anthu a m'tauni yathu amanenera, ndipo sindikwiya nazo chifukwa sanama. Kashopu kanga kali kuseri kwa positi ofesi, muli makina amodzi a fotokope ndi kompyuta yotopa ngati mwini wake. Pa mapepala khumi amene ndimasindikiza, asanu ndi atatu amakhala a nekrolog: chithunzi cha malemu pamwamba, dzina, masiku, kenako mawu awiri atatu a ofedwa. Munthu akamwalira, pepala lake timalikhoma pachitseko cha nyumba yake, pamtengo wa pamsika ndi pakhoma la tchalitchi. Pakatha masiku makumi anayi timasindikiza lina, pa miyezi isanu ndi umodzi lina, kenako chaka ndi chaka mpaka omukumbukira atatha. Achinyamata athu anathera ku Spain ndi ku Germany, ndiye masiku ano pamitengo pali nkhope zambiri kuposa zoyenda mumsewu.

Nkhope zimenezo pafupifupi zonse anajambula ndi bai Gancho Parushev (kwathu kuno "bai" ndi mawu olemekezera bambo wachikulire). Situdiyo yawo inagundana khoma ndi shopu yanga kwa zaka makumi awiri ndi mphambu, moti akatsokomola ndinkamva. Anali bambo wamfupi, wadazi, zala zachikasu ndi mankhwala otsukira zithunzi, ndipo makani anali nawo odzaza thumba. Agogo akabwera kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso, iwo ankayamba chipongwe chawo.

"Mwetulirani pang'ono, mayi. Chimenechitu ndiye chidzakhale pachitseko."

"Iii, bai Gancho, mukundilodza kodi?"

"Kulodza ayi, ndikukukonzerani. Mukufuna adzakukhomeni muli ndwii ngati akuberani nkhuku?"

Agogowo ankaseka, ndipo pomwepo bai Gancho ankadina.

Akazi awo, a Dobrinka, ankagwira ntchito kufakitale ya tomato wa m'zitini mpaka pamene inatsekedwa. Anali mayi wamtali, wodekha, woti akakuuza tsiku lobadwa la mwana wako umangovomera, chifukwa iwo sankaiwala kanthu. Mwana anali naye mmodzi yekha, Rusi. Ali wamng'ono bambo wake anamujambula mpaka kutopa, koma atangoyamba kumera ndevu anakaniratu. Akaona kamera ankaphimba nkhope ndi dzanja n'kunena kuti, "Ababa, mundisiye, ine sindinafe."

M'chaka cha 2004 bai Gancho anasiya mafilimu n'kugula kamera yamakono, yoti chithunzi chimalowa m'kompyuta. Mwezi womwewo Rusi ananyamuka kupita ku Spain kukagwira ntchito m'nyumba zapulasitiki zolimamo tomato. Padepoti, basi itayamba kale kulira, anapotoloka kuti amve zimene mayi ake ankamukuwira za masokosi, ndipo bambo wake anamuba ndi kamera ija. Chinatuluka chithunzi chabwino zedi: tsitsi litauluzika, diso limodzi litatsinzina ndi dzuwa, akuseka mayi ake. Chimenecho ndicho chithunzi chokhacho cha Rusi ali munthu wamkulu.

Chaka chotsatira, pa 3 Okutobala, anagwa kuchokera padenga la imodzi mwa nyumba zija. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Anabwera m'bokosi lachitsulo lowotcherera, ndipo anatiuza kuti silitsegulidwa. A Dobrinka analikanda bokosilo mpaka zikhadabo zinathyoka, akukuwa kuti angoona chipumi chokha. Ine ndaona maliro ambiri, koma tsiku limenelo ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Kuyambira pamenepo, sabata yomaliza ya Seputembala iliyonse bai Gancho ankalowa m'shopu mwanga atanyamula chimbale cha kompyuta chimene anabenapo, kapena kuti kusungapo, chithunzi cha Rusi. Pepala la pachitseko silikhalitsa. Dzuwa ndi mvula zikalidutsa chaka chimodzi, nkhope imasanduka yotuwa, ndiye pamafunika kubwerera kuchimbale. Kukopera papepala lakale sankafuna n'kumva komwe, ankati chithunzi chokopera pachinzake chimatuluka chotupa maso. Makompyuta sankawakhulupiriranso, ndipo pamenepo sindiwatsutsa, chifukwa yanga inafapo kawiri n'kupita ndi zonse zimene zinali m'mimba mwake. Tikasindikiza, a Dobrinka ankakhoma okha pepalalo, n'kulisisita ndi chikhatho, kenako ankagawa tirigu wowiritsa kwa aliyense wodutsa, monga mwa mwambo wathu wokumbukira akufa.

Chaka chachisanu ndi chitatu tinalowetsa chimbale chija monga mwa nthawi zonse. Chinazungulira, n'kuima, n'kuzunguliranso. Patapita nthawi chithunzi chinayamba kutuluka kuchokera pamwamba: tsitsi, chipumi, nsidze. Pansi pa nsidzepo panangoti mbuu mpaka mmunsi.

"Kompyuta yakoyi yakalamba," anatero bai Gancho.

"Yakalamba inde, koma dzulo lomweli yawerenga zimbale zitatu. Tachionetsani kuwindoko."

Anachikweza padzuwa. M'mphepete monse munali mawanga ofiirira ngati a nthochi yakupsa. Anathamangira kusitudiyo kukatenga chachiwiri, pakuti anabena ziwiri, koma zonse zinachokera pa mulu umodzi wa zimbale makumi asanu zimene anagula pamsika wa Lachisanu pamtengo wa nkhuku imodzi. Chachiwiricho sichinatulutse ngakhale tsitsi.

Anakhala pampando wa makasitomala, manja ali pamawondo, dazi lonse lili thukuta. Nthawi imeneyo ndi yokhayo imene ndinawaona bai Gancho atasowa mtengo wogwira.

Kwa masiku atatu anayenda ndi chimbale choyamba chija nyumba ndi nyumba, paliponse pamene panali kompyuta. Tsiku lachitatu makina akalekale a kwa dokotala wa ziweto, ochedwa ngati nkhono, anachiwerenga mpaka kumapeto atayesa kasanu ndi kawiri. Rusi anatuluka wathunthu. Atabwera nacho kwa ine, anandichenjeza.

"Velichka, amake Rusi asamve zimenezi. Wamva?"

"Ndamva."

"Mayi uja sanaone nkhope ya mwana wake m'bokosi. Nkhope imene ali nayo ndi iyi basi. Malinga ali moyo, sadzaisowa. Ndalumbira pamaso pako."

Rusi anapulumuka, koma ena ambiri ayi. Atafufuza m'mashelefu mwawo anapeza kuti zithunzi za zaka zitatu zathunthu zinali zitawola pa zimbale za pamsika zija: maukwati, maubatizo, ndi nkhope za anthu amene tinali titawaika kale m'manda. Mayi wina wamasiye, a Tsonka, atauzidwa kuti chithunzi cha amuna awo palibenso, sanakalipe. Anangoti, "Ndiye afa kawiri," n'kutuluka. Mawu amenewo anawalasa bai Gancho kuposa kutukwanidwa.

Apa ndi pamene zimbale zinawalowa m'mutu. Anakwera basi mpaka ku Sofia, likulu la dziko lathu, anafunsa m'masitolo, anawerenga mapepala a akatswiri, n'kubwerako ndi chikwama chodzaza mitundumitundu. Ndipo popeza a Dobrinka sankayenera kudziwa chifukwa chake, ulaliki wonse unagwera ine. Ankaima pakauntala panga m'mawa uliwonse, khofi ali m'manja, ine ndikulimbana ndi fotokope.

"Tamvera, Velichka. Chimbale wambachi mkati mwake muli utoto. Makina akamabena amawotcha timadontho pa utotowo, ndiye timadonthoto ndito chithunzi. Tsono utoto ukaona dzuwa umatani?"

"Umasuluka."

"Ehee! Ngati katani yakoyi, imene inali yofiira nthawi ya chikomyunizimu."

"Katani yanga muisiye. Nanga izi zolembedwa RW?"

"Zimenezo ndiye usayerekeze. Amati ubwino wake ukhoza kufufuta n'kubenanso. Chinthu chololera kufufutidwa, tsiku lina chimadzifufuta chokha osakupempha."

Ankatulutsa china. CD ankainyoza kwambiri, ati chithunzi chimakhala pansi penipeni pa penti wa pamwambayo, moti ukakanda ndi chikhadabo kapena kulembapo ndi peni ya inki yaukali, wapha munthu. DVD ankailemekezako pang'ono chifukwa chithunzi chimakhala pakati pa mapulasitiki awiri, ngati tchizi mu banitsa, chitumbuwa cha kwathu kuno. Panali zagolide, zodula, zoti sizichita dzimbiri, koma iwo ankati golide ndi malaya chabe, mkati ndi utoto womwewo. Panalinso zabuluu zolowa zithunzi zankhaninkhani pachimbale chimodzi.

"Ndiye tengani zimenezo," ndinatero. "Mumalize msanga, mundisiye ndigwire ntchito."

"Iwe ndiye mutu ulibe. Chimodzi chikafa wafa mudzi wonse. Komanso makina owerengera zabuluuzi m'tauni muno ali nawo ndani? Ndikafa ine, amake Rusi akazilowetsa mu uvuni?"

Pomaliza anatulutsa chimbale chakuda pang'ono kuposa zinzake, n'kuchigwira m'mphepete ndi zala ziwiri. Chimenechi, anatero, mulibe utoto. Mkati muli kansalu kolimba konga mwala, ndipo makina amachita kugoba timaenje, monga amisiri amagobera dzina pamwala wa pamanda. Kubena kwake kumafuna makina ake amphamvu, koma kuwerenga, kompyuta iliyonse yowerenga DVD imatha. Pabokosi pake analembapo kuti chimakhala zaka chikwi.

"Zaka chikwi!" ndinaseka. "Anazidikira ndani kuti aone?"

"Ndiye funso lanzeru loyamba limene wafunsa chaka chino. Ine sindikhulupiriranso bokosi. Za pamsika zija pabokosi panalembedwa zaka zana."

Kwathu kuno khomo lililonse lili ndi mpesa woyanga pathandala, ndipo aliyense amamangirira zimbale zakutha pamenepo kuti zikamanyezimira mbalame ziziopa kudya mphesa. Bai Gancho anaona kuti woweruza wake wamupeza. Anajambula mbuzi ya dokotala wa ziweto uja, n'kubena chithunzi chimodzicho pa mtundu uliwonse wa chimbale. Kenako anazimangirira zonse pampesa wawo mu Meyi, pamalo owomba dzuwa tsiku lonse, kuti akazimasule nthawi yothyola mphesa. Mwezi uliwonse ankatsitsa, n'kubwera nazo kwa ine kudzaona ngati mbuzi ikadali moyo.

Tauni yonse inaseka. Pabenchi ya pamsika azibambo ankawakuwira.

"Bai Gancho! Tamva kuti mbalame za kwanu sizifuna zimbale zakutha, zikufuna zatsopano za ku Sofia!"

"Zagolidenso! Mbalame za mabwana!"

"Sekani," ankayankha osapotoloka. "Nonsenu mudzadutsa m'manja mwanga. Iwe Nedyalko ndidzakuika pa cha pamsika."

Za pamsika zinafa mu Julayi. Zofufutika zinatsatira mu Ogasiti. Zagolide zinafika Seputembala zikutsimphina, mbuzi ikutuluka yopanda miyendo. Cha mwala, atachipukuta zitosi za mbalame, chinatulutsa mbuzi yonse mpaka ndevu zake. Tsiku limenelo anandigulira kabotolo ka rakiya, kachasu wa kwathu kuno, chinthu chimene sanachitepo chikhalire.

Anagula makina aja, n'kuyamba kusamutsa zithunzi zonse zimene zinapulumuka. Zinawatengera zaka ziwiri, chifukwa ankabena pang'onopang'ono, ati makina akathamanga amagoba mwaulesi. Anali ndi malamulo awo, ndipo lalikulu linali lakuti pachimbale salembapo kanthu. Peni ayi, kapepala komata ayi. Dzina ankalemba pakapepala n'kukalowetsa m'kachikuto kapulasitiki, chimbalecho chili mbee. Zonse ankaziimika chilili m'bokosi lamatabwa, m'kabati ya kuchipinda chogona, pansi pa chithunzi cha Namwali Maria, mopanda dzuwa ndi chinyezi. Za Rusi anabena ziwiri, n'kuziika kutsogolo kwenikweni.

"Chimodzicho mundipatse ndizisunga kuno," ndinawauza. "Nyumba ikapsa?"

"Mwana wanga sagona kwa eni ake. Anagonako kokwanira."

Pali mawu ena oti sungawayankhe, ngakhale ukudziwa kuti woyankhulayo akulakwa.

A Dobrinka anadzaidziwa nkhani yonse patapita nthawi, poti m'tauni yaing'ono chinsinsi sichigona. Sanakwiye. Bokosi lija analitenga ngati guwa la m'tchalitchi. Loweruka lililonse ankalipukuta fumbi, n'kuchita chizindikiro cha mtanda, osalitsegula. Akakhala ndi ine ankawaseka amuna awo.

"Velichka, mng'ono wanga, ine ndikanabadwa chimbale bwenzi akundigwira ndi zala ziwiri, osandionetsa dzuwa."

Kenako bai Gancho anatseka situdiyo, maso atayamba kuvuta, anthu nawonso atayamba kudzijambula okha pamafoni. Zaka zinapita mwakachetechete, pepala la Rusi likusinthidwa nthawi yake.

Mu Seputembala wa 2019, sabata yomaliza ija, ndinamva munthu akukuwa dzina langa kuchokera kumsewu. Anali bai Gancho, opanda chipewa, atavala masilipasi a m'nyumba.

"Velichka, tseka shopu! Bwera!"

Nditafika kwawo ndinapeza bokosi lija lili pabedi, tizikuto tonse tili mbwee, mopanda chimbale ngakhale chimodzi. A Dobrinka anali pakhonde akusenda tsabola wowotcha, osatekeseka.

"Amake Rusi, zimbale zili kuti?"

"Ziti?"

"Za m'bokosi! Za m'kabati!"

"Oo, zija? Ndinamangirira pampesa. Mbalame zinali zitatsala pang'ono kumaliza mphesa, inu muli phee. Sizinalembedwe kanthu, ndinaona kuti ndi zopanda ntchito."

"Liti?"

"Kaya. Matcheri akupsa."

Zipatso za matcheri zimapsa mu Juni. Tinayang'ana m'mwamba. Pathandala ponse panali pakunyezimira, zimbale makumi anayi ndi kuposa zikuzungulira ndi mphepo, zosakanikirana ndi zakale zija za mbuzi zimene sanazimasule. Bai Gancho anakhala pansi pa mpesawo chilimwe chonse, akudya, akumwa khofi, osazindikira, chifukwa pampesa pawo zimbale sizinkasowapo. M'miyezi itatu imeneyo kunatentha mpaka phula la mumsewu kusungunuka, ndipo mu Ogasiti kunagwa matalala amene anaswa mawindo a tchalitchi.

Anakalipa mawu amene sindingawalembe pano. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi anakwera makwerero ndi masilipasi, ine nditagwira pansi, akudula ulusi ndi mpeni n'kumandipatsira chimodzichimodzi. Zina zinali zokandika, ziwiri zong'aluka. Chopanda dzina chilichonse chinkafanana ndi chinzake, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kupita nazo zonse kushopu n'kumalowetsa chimodzi pambuyo pa chinzake. A Dobrinka anatitsatira pambuyo, akufunsa kuti kwagwanji.

Tinazitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, n'kuzipukuta ndi nsalu yofewa. Choyamba chinatulutsa ukwati wa mwana wa Nedyalko. Chachiwiri ubatizo. Chachisanu mbuzi. Chimodzi mwa zong'aluka zija makina anachikana, ndipo bai Gancho atachiyang'anitsitsa pakati, pa timanambala ta kufakitale, anati ndi chimodzi cha ziwiri za Rusi. Kunatsala chimodzi, kaya chili pati pa muluwo. Mtima wanga unali m'malere. Tinafika pa cha makumi awiri ndi zitatu dzuwa litapendeka. Chinazungulira kamphindi, kenako tsitsi, chipumi, nsidze, diso lotsinzina lija, mano, kolala ya jekete. Panalibe ngakhale kadontho kolakwika.

Bai Gancho anadumpha ngati mwana. Anandipsompsona pachipumi, anamenya kauntala ndi chibakera, anatulukira pakhomo n'kukuwira azibambo a pabenchi.

"Miyezi itatu padzuwa! Matalala! Zitosi! Bwerani mudzaone, inu oseka inu! Ndinasankha bwino kapena ayi? Velichka, auze, ndinasankha bwino kapena ayi?"

"Munasankha bwino, bai Gancho."

Koma ine maso anga sanali pa kompyuta. Ndinkayang'ana a Dobrinka, amene anaima pafupi ndi chitseko atanyamula mbale ya tsabola ija, imene anayenda nayo kuchokera kunyumba osadziwa kuti ainyamula. Mayi amene anapukuta bokosi lija Loweruka lililonse kwa zaka zinayi, amene ankadziwa bwino lomwe chimene chinali kutsogolo kwake, anatsegula n'kuona zimbale zoopsezera mbalame.

Mawa lake ndinawakokera pambali amuna awo.

"Bai Gancho, wakutsina khutu ndi mnansi. Pitani nawo kwa dokotala a Dobrinka."

"Chifukwa cha zimbale? Akazi nonse ndinu choncho, mukaona chinthu chonyezimira mumafuna kuchipachika penapake."

"Si nkhani ya zimbale. Mayi aja saiwala. Aiwala bwanji chimenechi?"

"Watopa basi. Iwe taona, kang'alu kamene kanapha chinzake chija kanayambira pakati. Ndiye kuti mphepo ikamakoka ulusi..."

Anapitiriza za kang'aluko kwa theka la ola. Ndinawakwiyira tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikawaganizira ndimakwiyabe. Munthu wotha kuona kawanga kochepa ngati nsabwe m'mphepete mwa chimbale analephera kuona chimene chinkachitikira mkazi wogona naye chipinda chimodzi. Kapena anaona, n'kusankha kuyang'ana chimbale, chifukwa chimbale chinali ndi mankhwala ake. Inenso sindinalimbikire. Ndinanena kamodzi n'kusamba m'manja, ndipo zimenezo zimandiwawa.

Anabena zina zitatu za Rusi, ndipo ulendo uno chimodzi anandipatsa popanda kupempha. Kabati anaikhoma loko. Kwa dokotala anapita patatha chaka ndi theka, a Dobrinka atapezeka kudepoti ya basi m'mawa wa chisanu, atavala malaya ogonera, akufunsa madalaivala ngati ya ku Spain yafika. Dokotala ananena dzina la matendawo, n'kunena kuti mapiritsi amangochedwetsa.

Kuyambira pamenepo bai Gancho anasiya kubwera kudzandisokosa. Anaphunzira kuphika nyemba, kuchapa, kupesa tsitsi la akazi awo. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza akuwadyetsa ndi sipuni, akuwanyengerera ngati khanda. Zinthu zinkachoka m'mutu mwa a Dobrinka chimodzichimodzi: mayina a aneba, njira ya kutchalitchi, kenako dzina langa. Ankanditchula kuti "mayi wachifundo uja". Choopsa chinali chakuti nthawi zina ankafunsa kuti Rusi abwera liti. Kawiri konse bai Gancho anawauza zoona, ndipo kawiri konse mayiwo anagwa pansi n'kulira maliro atsopano, ngati uthenga wangofika kumene, mpaka mawu kutha. Pofika madzulo anali ataiwala chimene amalirira, koma thupi likunjenjemerabe. Kenako anasiya kufunsa.

Chaka chathachi zinakwana zaka makumi awiri. Bai Gancho anabwera ndi chimbale chawo m'thumba la jekete, akuyenda ndi ndodo, ataonda mpaka kolala kuwakulira. Ndinawauza kuti changa chilipo, koma anati tigwiritse chawo. Chithunzi chinatuluka ngati chajambulidwa dzulo. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zitatu ankaseka padzuwa, ife awiri okalamba tikumuyang'ana.

"Mawu tilembe otani?" ndinafunsa.

"Omwe aja. Mayi ndi bambo ako sakuiwala."

Ndinaima kaye, zala zili pamabatani. Iwo anayang'ana kumbali. Ndinalemba momwemo.

Pa 3 Okutobala ndinawiritsa tirigu ndine, n'kupita naye kwawo m'mawa. Bai Gancho anawaveka akazi awo diresi lakuda, anawapesa, n'kutuluka nawo pakhomo atawagwira mkono. Anazula pepala lakale lotuwa lija, n'kuwapatsa latsopano m'manja, monga ankachitira zaka zonse. A Dobrinka analigwira ndi manja awiri, n'kuliyandikitsa kumaso. Analiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kuyembekezera.

"Koma ndiye mnyamata wokongola," anatero. "Taonani mano akewo. Wamwalira?"

"Wamwalira," anayankha bai Gancho.

"Mayo ine. Wamng'ono chonchi. Ndi mwana wa yani?"

Timisomali tinali m'dzanja la bai Gancho, ndipo anatifumbata mpaka ndinaopa kuti tiwabaya. Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana akazi awo.

"Ndi wa anthu ena ake a konkuno," anatero. "Anandipempha kuti ndiwakhomere."

"Mayi ake alipo?"

"Alipo."

"Ayi, zovuta. Mulungu awalimbitse mtima mayi amenewo. Gwirani uko, bambo, chapendama."

A Dobrinka anawagwirira amuna awo pepalalo mpaka timisomali tonse tinayi titalowa. Atatero anapukuta manja padiresi, n'kuona mbale ya tirigu imene ndinanyamula, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati angalaweko pang'ono.